Chili poyera pa intaneti, koma mwini wake alipo

Mu 2009 sukulu ina ya ku Germany inaika pa webusaiti yake ntchito imene wophunzira wina anakonza m'kalasi. Mu ntchitoyo munali chithunzi cha mzinda wa Córdoba, ku Spain. Mwanayo sanachite zamseri ayi. Chithunzicho anachipeza pa webusaiti ina ya zamaulendo, pomwe aliyense ankachiona osalipira kanthu, ndipo m'munsi mwake analemba komwe wachitenga. Mphunzitsi aliyense akanati uyu ndiye mwana wolongosoka. Koma wojambula chithunzicho, Dirk Renckhoff, anali atalola webusaiti ya zamaulendoyo yokha basi, choncho anakasuma. Mlandu unayenda mpaka kukafika ku khoti lalikulu la European Union ku Luxembourg, ndipo mu Ogasiti 2018 khotilo linagwirizana ndi wojambulayo: kukopera chithunzi pa webusaiti ina n'kukachiika pa yako kumafuna chilolezo chatsopano, ngakhale chithunzicho chinali poyera kale.

Chifukwa chimene oweruzawo anapereka n'chosavuta kumva. Renckhoff akanafuna kuchotsa chithunzi chake pa intaneti, akanangouza a zamaulendo aja, iwo n'kuchichotsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kope la kusukulu lija likanatsala, iye alibe nalo mphamvu. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya copyright pa intaneti. Lamuloli silifunsa ngati chinthu chinali chobisika kapena choonekera. Limafunsa ngati mwapanga kope, ndipo ngati mwapanga, anakulolani ndani.

Copyright ndi ufulu umene lamulo limapatsa munthu amene walemba, wajambula, wapeka kapena wapanga chinthu chaluso, kuti iye yekha ndiye azilamula pa nkhani yokopera, kufalitsa, kumasulira ndi kusintha chinthucho. Ufulu umenewu sapempha. Umabwera wokha nthawi imene nkhaniyo yalembedwa kapena chithunzicho chajambulidwa. Mfundoyi ili m'pangano la Berne, limene linasainidwa koyamba ku Switzerland mu 1886 ndipo lero muli mayiko oposa 180. Panganoli limati chitetezo chisadalire kulembetsa kulikonse, komanso kuti dziko lililonse liziteteza ntchito za alendo monga limatetezera za anthu ake. N'chifukwa chake kachizindikiro ka © kaja si kofunika m'pang'ono pomwe. Ku United States kanali kofunika kale, koma dzikolo litalowa m'pangano la Berne mu 1989 kufunika kwake kunatha. Tsamba lopanda kachizindikiro, lopanda dzina la wolemba, lopanda chenjezo lililonse, n'lotetezedwa chimodzimodzi ndi lodzaza machenjezo.

Koma si zonse za pa tsambalo zimene zili ndi mwini, ndipo anthu amantha amaiwala zimenezi. Lamulo limateteza kafotokozedwe, osati mfundo kapena zinthu zoona zimene zachitika. Kuti mtsinje wakutiwakuti wasefukira, kuti timu yawina ndi zigoli ziwiri, kuti mankhwala awa amamwedwa kawiri pa tsiku, zimenezi si za munthu. Pangano la Berne lenilenilo limanena kuti nkhani za tsiku ndi tsiku, zikakhala mfundo chabe, sizitetezedwa. Ku Kansas kunali kampani ya matelefoni yotchedwa Rural imene inkasindikiza buku la manambala a makasitomala ake. Kampani ina, Feist, inakopera mayina ndi manambalawo, ndipo inagwidwa bwinobwino chifukwa inakoperanso mayina anayi abodza amene eni bukulo anatchera dala ngati msampha. Komabe mu 1991 khoti lalikulu la United States linati palibe mlandu. Mayina ndi manambala ondandalikidwa motsatira alifabeti alibe luso lililonse, ndipo thukuta limene munthu wakhetsa powasonkhanitsa si limene lamulo limeneli limateteza. Ku Ulaya zinthu n'zosiyanako: kuyambira mu 1996 European Union ili ndi lamulo lapadera loteteza kwa zaka 15 amene wawononga chuma chambiri posonkhanitsa nkhokwe ya mfundo. Ndiye kutenga mfundo imodzi kapena ziwiri n'kwabwino kulikonse, koma kukokolola nkhokwe yonse ya webusaiti ya ku Ulaya ndi nkhani ina.

Tanthauzo lake kwa wolemba n'lakuti mukhoza kuwerenga nkhani zisanu za ena, n'kumvetsa zimene zachitika, n'kulemba yanu. Chimene simungachite n'kutenga nkhani ya wina, n'kumasintha liwu apa ndi apo, ndime zili m'malo mwake momwemo, zitsanzo zomwezo, mayendedwe omwewo. Kumeneko n'kukopera ndithu, kungoti kwavala chovala china.

Kumasulira nakonso kumakola anthu ambiri, ena mwa iwo a mtima wabwino zedi. Munthu wapeza nkhani yothandiza m'Chingelezi kapena m'Chifalansa, waona kuti anthu a chinenero chake apindula nayo, wakhala usiku wonse akuimasulira. Kwa iye ntchitoyo ndi yake, poti mawu onse ndi ake. Lamulo siliona choncho. Ufulu wololeza kumasulira ndi wa mwini nkhani, ndipo zalembedwa momveka m'ndime 8 ya pangano la Berne. Womasulirayo alidi ndi ufulu pa zimene wamasulirazo, moti wina sangazikopere osamufunsa, koma kuti azifalitse ayenera kukhala ndi chilolezo cha wolemba woyamba. Ine ndimaona kuti apa lamulo limalemera kwambiri pa zinenero zimene zili ndi zowerenga zochepa. Komabe lilipo, ndipo chotonthoza n'chakuti olemba ambiri akafunsidwa za kumasulira amavomera mosangalala.

Tsono pali zikhulupiriro zingapo zimene zafala ngati kuti ndi malamulo. Chachikulu n'chakuti ukatchula mwini ndiye kuti wakonza zonse. Mwana wa ku Germany uja anatchula gwero, ndipo sizinathandize. Kutchula mwini kumakupulumutsani ku mlandu wina, wonamizira kuti ntchito ya mnzanu ndi yanu, umene kusukulu ndi kumanyuzipepala amaulanga mwa njira zawo. Sikulowa m'malo mwa chilolezo. Ziwirizi zimayenda padera: mukhoza kukopera ndakatulo ya munthu amene anamwalira zaka 300 zapitazo n'kuika dzina lanu, osaswa copyright koma muli wabodza, mukhozanso kutchula wolemba mwaulemu wonse n'kukhala mutaswa lamulo. Nawo mawu aja amene anthu amakonda kulemba m'munsi mwa vidiyo, akuti ine si mwini wake ndipo sindikufuna kulakwira aliyense, sateteza chilichonse. Kwenikweni amangosonyeza kuti munkadziwa kuti si zanu.

China n'chakuti pali muyezo, kaya masekondi 30 a nyimbo, kaya mawu 100, kaya gawo limodzi mwa magawo khumi, umene munthu angatenge mosaopa. Muyezo wotero mulibe m'pangano la Berne. Mu 2009, pa mlandu wa kampani ya ku Denmark yotchedwa Infopaq, khoti la ku Luxembourg lija linati ngakhale mawu 11 otengedwa m'nkhani ya m'nyuzipepala akhoza kukhala otetezedwa ngati akuonetsa luso la wolembayo. Ku America, magazini ya The Nation inagonja pa mlandu mu 1985 chifukwa cha mawu pafupifupi 300 okha amene inatenga m'buku la mbiri ya moyo wa pulezidenti wakale Gerald Ford, bukulo lisanatuluke. Mawuwo anali ochepa, koma anali mtima wa bukulo, pamene Ford ankafotokoza zokhululukira Richard Nixon, amene anali pulezidenti iye asanalowe pa mpando. Oweruza sawerenga mawu okha, amaona chimene mwatengacho kuti n'chiyani.

Izi sizikutanthauza kuti kugwira mawu a wina n'koletsedwa. Kukanakhala koletsedwa, bwenzi kulibe utolankhani, kulibe kafukufuku, kulibe kutsutsana. Ndime 10 ya pangano la Berne imalola kugwira mawu kuchokera m'ntchito imene inatuluka kale movomerezeka, malinga mukuchita mwachilungamo, simukupitirira pa zimene cholinga chanu chikufuna, ndipo mwatchula gwero ndi dzina la wolemba. Dziko lililonse limamanga pa maziko amenewa mwa njira yake. Ku Britain, ku Canada ndi m'mayiko ena ambiri amene malamulo awo anachokera ku Britain muli chimene amati fair dealing: lamulo limatchula zolinga zololedwa, monga kuphunzira pawekha, kafukufuku, kuunika ntchito ya wina ndi kufalitsa nkhani, ndipo cholinga chanu chikakhala kuti palibe pa mndandandawo, mwagwa nayo. Ku United States kuli fair use, yomwe ili m'gawo 107 la lamulo la 1976. Kumeneko khoti limayeza zinthu zinayi pamodzi: cholinga chanu, makamaka ngati mwawonjezera tanthauzo latsopano kapena mukungofuna phindu, mtundu wa ntchito imene mwatengako, kuchuluka ndi kufunika kwa gawo limene mwatenga, ndiponso ngati zimene mwachitazo zikulanda msika wa mwini wake.

Vuto la fair use n'lakuti dzina lake lafala dziko lonse chifukwa cha YouTube ndi Facebook, pamene lamulolo ndi la dziko limodzi ndi ena ochepa amene analitengera. Komanso si chiphaso chimene munthu amakhala nacho m'thumba asanayambe. Ndi mfundo yodzitetezera nayo mukaimbidwa mlandu, ndipo amene amagamula ndi woweruza, inu mutalipira kale loya. Njira yothandiza poganiza ndi iyi: kodi mawu kapena chithunzi chimene mwatengacho ndicho mukuchikamba, kapena mwangochiika kuti tsamba likongole? Ngati mukuunika chithunzi, kufotokoza mmene wojambula anagwiritsira ntchito kuwala, muli ndi poimira. Ngati mwalemba za ulimi wa mpunga ndipo mwangofuna chithunzi chokongola cha mpunga pamwamba, poimira mulibe. Kusapeza phindu kumathandizako pang'ono poyeza, koma pakokha sikumasula munthu. Sukulu ija sinkagulitsa kanthu.

Nanga linki? Apa mpweya ulipo. Linki sipanga kope, imangoloza. Mu 2014, pa mlandu wa Svensson wochokera ku Sweden, khoti la European Union linati kuika linki yopita ku nkhani imene mwini wake anaiika poyera si kulakwa, chifukwa anthu amene mukuwalozerawo akanatha kuipeza kale. Patapita zaka ziwiri, pa mlandu wa GS Media wa ku Netherlands, linawonjezera kuti kulozera ku zinthu zimene mukudziwa kuti zinaikidwa mwakuba ndi mlandu, ndipo amene akuchita zimenezi pofuna phindu amayesedwa kuti ankadziwa. Pakati pa linki ndi kope pali chinthu china chovutirapo, chomwe ndi kuonetsa vidiyo kapena chithunzi cha pa webusaiti ina mkati mwa tsamba lanu, fayilo ili pa seva (kompyuta yosungira webusaiti) ya eni ake. Makhoti a ku America sanamvane pa zimenezi. Khoti la apilo la ku California linati mu 2007 wolakwa ndi amene akusunga fayilo pa seva yake, koma mu 2018 woweruza wina ku New York anakana mfundo imeneyo. Pogwiritsa ntchito batani limene YouTube yaika yokha kuti anthu azionetsera mavidiyo kwina, ndiponso vidiyoyo itaikidwa ndi mwini wake weniweni, ngozi imakhala yochepa. Sikirinishoti ndi nkhani ina: imeneyo ndi kope basi.

Pa masamba a mchezo m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri, poti chilichonse chimaoneka ngati cha tonse. Munthu akaika chithunzi pa Instagram kapena pa X amapatsa kampaniyo laisensi yochionetsera, koma umwini umatsala ndi iye, ndipo laisensiyo sifika kwa aliyense wodutsa. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, wojambula wina wa konko, Daniel Morel, anaika zithunzi zake pa intaneti kudzera pa Twitter, imene lero ikutchedwa X. Munthu wina anazikopera n'kumati n'zake. Bungwe lofalitsa nkhani la AFP linazitenga, kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images n'kuzigawa kwa makasitomala ake, ndipo zinatuluka m'manyuzipepala ambiri. AFP inkanena kuti malamulo a Twitter amalola zimenezo. Khoti la ku New York linakana, ndipo mu Novembala 2013 Morel anapatsidwa madola 1.2 miliyoni pa zithunzi zisanu ndi zitatu. Amenewa anali akadaulo okhala ndi maloya awo. Onaninso kuti vuto linayambira pa kukhulupirira munthu amene sanali mwini wake.

Ndiye zogwiritsa ntchito mwamtendere zimapezeka kuti? Gwero loyamba ndi ntchito zimene nthawi yake yotetezedwa inatha. Pangano la Berne limati chitetezo chisachepere zaka 50 wolemba atamwalira. Mayiko a European Union, Britain ndi United States amawerenga zaka 70, Mexico 100. Choncho buku likhoza kukhala la aliyense m'dziko lina koma lili lotetezedwabe kwina, ndipo webusaiti imaonekera konsekonse. Chenjeraninso ndi zomasulira: buku la zaka 400 zapitazo lilibe mwini, koma amene analimasulira posachedwapa ali ndi ufulu pa ntchito yake. Gwero lina ndi ntchito za boma lalikulu la United States, zimene lamulo lakumeneko silizipatsa copyright, n'chifukwa chake zithunzi zambiri za NASA, bungwe la bomalo lofufuza za mlengalenga, zili paliponse. Koma musaganize kuti maboma onse amatero. Boma la Britain, mwachitsanzo, limasunga umwini wa zolemba zake, kenako n'kuzitulutsa ndi laisensi yakeyake.

Gwero lalikulu masiku ano ndi malaisensi a Creative Commons. Bungweli linayamba mu 2001 ku America, mmodzi mwa oyambitsa ake ndi pulofesa wa zamalamulo Lawrence Lessig, ndipo malaisensi oyamba anatuluka mu Disembala 2002. Nzeru yake ndi yakuti mwini ntchito anenetu zimene walola, kuti anthu asamavutike kumufunsa mmodzimmodzi. Zilembo zake n'zinayi. BY ndiye kuti mutchule mwini. SA ndiye kuti mukasintha ntchitoyo, yanuyo muitulutsenso ndi laisensi yomweyo. NC imaletsa kugwiritsa ntchito pa malonda. ND imaletsa kufalitsa ntchitoyo mutaisintha, ndipo kumasulira kuli m'gulu la kusintha. Zilembozi zimaphatikizidwa n'kupanga malaisensi asanu ndi limodzi, ndipo palinso CC0, pomwe mwini amasiya ufulu wake wonse mmene lamulo lingalolere. Nkhani za pa Wikipedia zili pa CC BY-SA, kutanthauza kuti mukhoza kuzikopera, kuzimasulira ngakhale kuzigulitsa, bola mutchule gwero ndipo zimene mwapangazo zikhalenso zomasuka chimodzimodzi. Zithunzi za pa Wikimedia Commons, nkhokwe imene Wikipedia imatengako zithunzi, chilichonse chili ndi laisensi yake, ndiye muyenera kutsegula tsamba la chithunzicho n'kuwerenga.

Laisensi yomasuka ndi pangano ndithu, ndipo mukaphonya mfundo zake chilolezo chimatha. Kutchula koyenera kumafuna dzina la mwini, linki ya kumene ntchitoyo ili, dzina la laisensi ndi linki yake, ndi kunena ngati mwasintha kanthu. Kungolemba kuti chithunzi chachokera pa Google n'chimodzimodzi osalemba kanthu, poti Google sijambula zithunzi, imangokulozerani. Malaisensi a mtundu wa 4.0, amene anatuluka mu 2013, amapatsa munthu masiku 30 oti akonze cholakwa akachizindikira. Akale analibe mwayi umenewu, ndipo pali anthu ena amene apezerapo mpata: amamwaza zithunzi zambiri ndi laisensi yakale, n'kumasaka amene walakwitsa katchulidwe kuti amulipiritse. NC nayo ili ndi chifunga chake, chifukwa webusaiti yaing'ono yokhala ndi zotsatsa malonda ena amaiona ngati ya malonda, ena ayi. Pamenepo ndi bwino kungofunsa.

Mawebusaiti a zithunzi zaulere monga Unsplash ndi Pixabay ali ndi malaisensi awoawo, ndipo ndi othandiza. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense akhoza kuikapo chithunzi, kuphatikizapo amene si mwini wake, ndipo munthu sangapereke chilolezo pa chinthu chimene si chake. Mwini weniweni akatulukira, adzagogoda kwa inu. Kufufuza chithunzi pogwiritsa ntchito chithunzi chomwecho, monga pa TinEye kapena Google Lens, kumatenga mphindi imodzi ndipo kumasonyeza ngati chinayamba kuoneka kwina ndi dzina lina. Komanso copyright ikhoza kukhala bwino koma nkhope ya munthu ali pa chithunzipo kapena chizindikiro cha kampani n'kubweretsa mlandu wa mtundu wina, makamaka mukachiika pa zotsatsa malonda.

Zonsezi zikakanika, njira yakale ija ikadalipo. Safunsa anadya phula. Kalata yopempha chilolezo sifunika kutalika: nenani chimene mukufuna, kumene mukachiike, kwa nthawi yaitali bwanji, ngati mudzachisintha kapena kuchimasulira, ndiponso ngati pali ndalama zimene mupezepo. Yankho likhale lolembedwa, ngakhale pa imelo. Chovuta nthawi zambiri n'kupeza woyenera kumufunsa. Mwini webusaiti sakhala mwini wa zonse zili pamenepo. Nkhani ya mtolankhani wolembedwa ntchito kawirikawiri imakhala ya kampani yake, pamene ya wolemba woima payekha imakhala yake pokhapokha atasainirana zina. Zithunzi za m'nkhani imodzimodziyo zikhoza kukhala za bungwe lina lachitatu. Ndipo mukalemba kalata koma osayankhidwa, kukhala chete kumeneko si kuvomera. Ngakhale mwini atasowa ndithu mutamufunafuna, ntchitoyo imakhalabe yotetezedwa. Mayiko ochepa, monga Canada ndi Britain, ali ndi ofesi yopereka laisensi pa ntchito zosowa eni ake zoterozo.

Munthu akagwidwa, nthawi zambiri zinthu siziyambira kukhoti. Lamulo la ku America la 1998, lodziwika kuti DMCA, linakhazikitsa njira yakuti mwini ntchito alembere kampani yosunga webusaiti, iyo n'kuchotsa chinthucho mwachangu kuti isakhale nawo pa mlandu. Poti makampani akuluakulu ambiri a intaneti ndi a ku America, njirayi imakhudza anthu a kulikonse. Amene akuona kuti wachotseredwa chinthu molakwa akhoza kutsutsa, ndipo chimabwezedwa pakati pa masiku 10 ndi 14 ogwira ntchito ngati wodandaulayo sanakasume. Pa YouTube machenjezo atatu a copyright akhoza kutsekeratu tchanelo. Zikafika kukhoti la ku America, ntchito imene inalembetsedwa ku ofesi ya copyright ya dzikolo pa nthawi yake ikhoza kubweretsa chipukuta misozi cha pakati pa madola 750 ndi 30,000 pa ntchito imodzi, mpaka 150,000 ngati munthu anachita dala. Mayiko ena ambiri amangowerengera zimene mwini wataya kapena ndalama zimene akanalipiritsa pa laisensi. Kuchotsa chithunzi mutalandira kalata kumaletsa mlandu kukula, koma sikufafaniza miyezi imene chinakhala pamenepo.

Nkhani imene ikuvuta tsopano ndi ya mapulogalamu okokolola masamba mamiliyoni nthawi imodzi, makamaka pophunzitsa makina a AI, aja otengera nzeru za munthu. Fayilo ya robots.txt, imene inayamba mu 1994, imauza mapulogalamu otere malo amene sakufunidwa, koma ndi pempho, si loko, ndipo kusakhalapo kwake si laisensi. European Union mu 2019 inalola kusanthula zolemba ndi makina, n'kupatsa eni ntchito mwayi wokana pamene si kafukufuku wa sayansi. Ku America, nyuzipepala ya The New York Times inasumira makampani a OpenAI ndi Microsoft pa nkhani yomweyi mu Disembala 2023, ndipo mkangano wake wagona pa fair use yomwe ija.

Kwa munthu wamba woyendetsa webusaiti, chida chimene chimathandiza kwambiri n'chosasangalatsa konse: kaundula. Chilichonse chimene si chanu chilembedwe kuti munachitenga kuti, tsiku liti, mwini wake ndani, laisensi yake inali yotani, pamodzi ndi sikirinishoti ya tsamba losonyeza laisensiyo. Laisensi ya Creative Commons ikaperekedwa sibwezedwa, koma mwini akhoza kuchotsa chithunzi pa tsamba lake kapena kusintha zolemba pamenepo, ndipo kalata yofuna ndalama ikadzabwera patapita zaka zinayi, amene adzafunike kusonyeza kuti chilolezo chinalipo ndi inu.